Mmene ndinaperekera ufumu wa France kwa mwana wa mlongo

Ndikukumbukira fungo la makoti onyowa m'kalasi ija ku Wakefield, kudziko la Angerezi, ndi chitsulo chotenthetsa chipinda chimene chinkangolira ngati m'mimba mwa munthu wanjala. Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, miyezi inayi yokha chibwerereni kuchokera ku Dowa, kutsatira amayi amene ankagwira unamwino pachipatala. Chingerezi cha m'buku ndinkachidziwa, koma cha anthu akuno, aaa, mawu amayamba awatafuna kaye asanawatulutse. Ndiye ndinkangokhala duu kumbuyo, ndipo aphunzitsi ambiri ankandiyesa mbuli.

Phunziro limene ndinkalikonda linali la mbiri yakale. Nthawi imeneyo Mayi Hollins ankatiphunzitsa za nkhondo za Akatolika ndi Apulotesitanti ku France. Tsiku lina anatipatsa pepala lojambulapo mtundu wonse wa banja lachifumu. Mfumu yamwalira yopanda mwana, abale ake aamuna anatha kale. Funso linali lakuti, ndani alowe ufumu? Nditayang'ana ndinaona mlongo wake wa mfumuyo, pansi pake mwana wake wamwamuna. Ndinaseka chamumtima. Kwathu zimenezi ngakhale wa sitandade wani amazidziwa: mpando umapita kwa mwana wa mlongo. Ndinalemba masamba awiri, n'kumaliza anzanga onse akuluma zolembera.

Pepala linabwera lili psuu ndi inki yofiira. Yankho lake akuti linali msuweni wina wakutali, Mpulotesitanti, chifukwa lamulo la ku France silinkalola ufumu kudutsira mwa mkazi. Lamulolo analifotokoza ndithu m'kalasi, ndipo ndinalimva bwinobwino, koma ndinkaliyesa bodza la mbali imodzi yofuna kulanda mpando. Dziko lathunthu lingakhale ndi lamulo lotero?

Kenako kunyumba kunabwera kalata. Sukulu inkafuna kundichotsa m'kalasi ya mbiri, kuti nthawiyo ndizikaphunzira Chingerezi cha oyamba kumene. Ndinadzitsekera kubafa n'kulira mpaka maso kutupa. Zinandiwawa, chifukwa ola limenelo ndi lokhalo pasukulu yonse limene ndinkadziona kuti ndine munthu.

Bambo anawerenga kalatayo kawiri, n'kuipinda. "Amake Tadala, muwaimbire alamu," anatero. "Nkhani iyi ndi ya eni mbumba."

Amalume a Yohane, mchimwene wa amayi, ankasamalira okalamba ku Sheffield. Anasinthana ntchito ndi mnzawo, n'kukwera sitima atavala suti ya kutchalitchi ndi nsapato zopukuta mpaka kuonekamo nkhope. Titafika nawo kusukulu, ine manyazi! Makolo a anzanga anali atangovala mathalauza a jinzi.

"Ndinu bambo ake?" anafunsa Mayi Hollins.

"Ayi, bambo ake ali kunyumba, ali bwinobwino," anayankha amalume m'Chingerezi chawo chochita kuyala liwu limodzilimodzi. "Ine ndine malume ake. Mwanayu ndi wanga."

Aphunzitsi anasokonezeka, komabe anatulutsa pepala lija. Amalume anavala magalasi n'kumatsata mizere ndi chala. Atafika pa mwana wa mlongo anagogoda patebulo.

"Palakwika pati apa? Uyutu ndiye mwini mpando. Mwana wa mlongo wanga palibe angatsutse kuti ndi magazi athu. Koma wa kuchimuna, mayi, timangokhulupirira."

Ndinafuna pansi patseguke ndilowe. Mayi Hollins anagwira pakamwa, kenako anaphulika kuseka. Atapukuta maso anayamba kufunsa, amalume n'kumafotokoza za kwathu, mmene amayi akuluakulu a pabanja amakhalira pansi kusankha mfumu. Msonkhano wa mphindi khumi unafika mphindi makumi anayi. Pomaliza aphunzitsi anatembenukira kwa ine, n'kundiuza kuti ngakhale ku France komweko analipo ena amene ankafuna mwana wa mlongo yemweyo.

"Tadala, lamulo lawo unalikana, ndipo pamayeso zimenezo zidzakugwetsa," anatero. "Koma kumva unamva. Ndikupatsa masabata awiri. Undilembere zimene zikanachitika France akanatsata lamulo la kwanu. Zikandigwira mtima, ukhala."

Ndinalemba patebulo la kukhitchini, pakati pa anyezi ndi mayunifolomu a amayi oyembekezera kusita. Mwana wa mlongo uja anali Mkatolika, ndiye m'nkhani yanga anthu a ku Paris anamutsegulira zipata akuimba, mzinda sunazingidwe, palibe anafa ndi njala, nkhondo n'kutha. Nditawawerengera amalume pafoni anati, "Iwe, Apulotesitanti aja angopita kukagona? Wawalanda mpando, ukuti akuombere m'manja?" Ndinang'amba tsamba lomaliza n'kuyambitsanso nkhondo, ulendo uno kummwera. Mayi Hollins anawerenga nkhaniyo pamaso pa kalasi yonse, ndipo za kundichotsa sizinamvekenso.

Lero zinthu zinasintha. Ndimakhala ku Leeds, ndipo ana anga ndikawalankhula Chichewa amandiyankha m'Chingerezi. Kwa iwo mchimwene wanga ndi mlendo wa pa Khirisimasi, wobwera ndi chokoleti. Kalata ya kusukulu ikabwera timapita ine ndi bambo awo, ndipo sindidandaula. Komabe ndimathokoza kuti ine ndinakulira pamene malume anali malume, ndiponso kuti ndinakumana ndi mphunzitsi wosachita manyazi kusintha maganizo.

Amalume anabwerera ku Dowa, maso ayamba kuchita chidima. Chaka chatha ndinawaimbira kuti ndiwathokoze bwinobwino, zimene pa utsikana sindinachite. Anandidula pakamwa.

"Zikomo wa chiyani? Ukanakhala wa mlongo wa munthu wina, bwenzi ukuthokoza. Tandiuza, a ku France aja lamulo lawo lija anakonza?"

"Amalume, masiku ano alibenso mfumu."

Anapumira m'mwamba.

"Akanandiitana ine," anatero.