Dzino la M'chitsime

A Mfuko ali ndi zaka 64. Ndi okumba zitsime, ali ndi mkazi ndi mwana mmodzi wamkazi. Dzinalo anawapatsa ndi anthu chifukwa moyo wawo wonse wathera pansi.

Ntchito imeneyi ndi ya awiri. Wina amatsika ndi piki ndi fosholo, wina amatsala pamwamba kukoka ndowa ya dothi, ndipo nthawi ikakwana amakoka mnzakeyo. Wogwira chingwe cha a Mfuko anali mlamu wawo, mlongo wa akazi awo, munthu wonenepa, wanthabwala. Pangano la okumba n'lodziwika: chotuluka m'dzenje n'cha onse awiri.

Tsiku lina piki inaswa mwala woyera, mkati mwake munali dzino. Lakuda bii, lonyezimira, lalikulu ngati chikhatho, m'mbali mwake muli timano ngati sowo. A Mfuko anayang'ana kumwamba. Dzino siligawika. Sanaliike m'ndowa, analilowetsa m'thumba la ovololo.

"Mwakhala chete, alamu! Mwapeza golide?" anakuwa wapamwambayo.

Nthabwala imeneyi ankainena pa chitsime chilichonse. Tsikulo inamveka mwina.

Kunyumba mwana wawo analijambula, n'kufufuza pa foni. Anati ndi dzino la shaki, chinsomba cha m'nyanja ya mchere, mtundu umene unatha anthu asanakhaleko. Thupi linaola, mano okha ndiwo anasanduka mwala. Anati kalelo pamalopo panali nyanja.

"Nyanja? Pano pomwe madzi ndimachita kuwasaka ndi piki? Wakutuma ndani kuti ulichepetse?"

A Mfuko analikulunga m'sokosi, n'kulikhomera m'bokosi la zida. Kiyi m'khosi.

Kuyambira pamenepo chingwe anayamba kuchimva mwina. Chikagwedera, ankati mlamu wadziwa. Chikatsika bwino, ankati akuwanyengerera. Asanatsike ankachiyendetsa m'manja chonse, kufunafuna pamene padutsa mpeni. Mlamuyo ankangoseka.

"Mukuchisisita ngati mkazi watsopano, alamu. Achemwali amve."

Kenaka mwala unagwa kuchokera m'ndowa yodzaza kwambiri, n'kuwakhudza phewa. Miyala imagwa, aliyense wokumba ali ndi zipsera zake. Koma a Mfuko anagwedeza chingwe kuti akokedwe, ndipo atatuluka anakhala patali ndi dzenje.

"Lero mutsike ndinu."

"Ine? Ndi mimba iyi? Mundikoka ndi thirakitala?"

"Mwalawo munauika dala pamwamba."

Mlamuyo anasiya kuseka. "Nenani bwino, alamu."

"Mukufuna dzino."

"Dzino lanu la m'sokosi lija? Achemwali anandiuza tsiku lomwelo. Ndilitani ine? Anga omwe m'kamwamu akundisowetsa tulo."

Munthu wina akanachita manyazi, nkhani n'kuthera pomwepo. A Mfuko anamva china. Munthu wadziwa nthawi yonseyi, osafunsa gawo lake, osadandaula, n'kumangogwira chingwe mwakachetechete? Wotere ndiye woopsa. Akanakalipa, akanamukhulupirira.

"Ndiye mumadikira chiyani?"

"Ndimadikira kuti munene nokha," anatero mlamuyo. Anapinda chingwe bwinobwino, n'kuchiika pamapazi pawo, n'kumapita.

Akazi awo anawauza kuti, "Bambo, tengani chinthucho mukawaonetse achimwene, mupepese. Akachigwira abweza." A Mfuko anafunsa kuti iwowo alonjezedwa chiyani. Mayiwo anangotuluka ndi beseni la zochapa.

Anayesa ogwira chingwe ena. Woyamba ankayang'anitsitsa bokosi la zida. Wachiwiri sankaliyang'ana n'komwe, ndipo zimenezo zinawakayikitsa koposa. Wokumba wosakhulupirira wapamwamba satsika, ndipo wosatsika sapatsidwa ntchito.

Pano a Mfuko amanola mapiki ndi makasu a anthu pakhonde pawo. Mlamu wawo amakokera wokumba wina, ndipo akabwera kudzaona mlongo wake amaimira pageti.