Nkhope ya amayi pa thabwa la a Sakala

Owerenga anga, vulani zipewa. Kuyambira sabata ino, mbiri ya luso lojambula m'dziko muno siingalembedwe popanda dzina langa. Kumene amakhala akuluakulu otukula aluso, inenso mundiikire mpando, ndipo ukhale wandalema.

Chimene ndachita n'chakuti ndanyamula thabwa pa njinga kuchokera ku boda mpaka ku Mkanda. Maulendo asanu.

Ndifotokoze. Amayi anatisiya zaka zitatu zapitazo. Abambo anatsala kumudzi ku Mkanda ndi munda wawo ndi wailesi yawo. Miyezi ingapo yapitayi ndinapita kukawathandiza kusenda mtedza, ndipo ali chiweramire anati, "Iwe, nkhope ya amayi ako yayamba kundithawa. Ndikatsinzina ndikuona duku, ndikuona manja, koma pankhope pali mbee." Anapitiriza kusenda.

Chithunzi chokhacho chimene tili nacho ndi cha pa chiphaso cha unzika. Mukuzidziwa zithunzi zimenezi. Amakuuza kuti usaseke, uwongole khosi, uyang'ane kutsogolo, ndiye umatuluka ngati munthu amene wangomva kuti mbuzi zake zili m'munda mwa wapolisi.

Mlongo wanga Esinati ndiye anandituma kwa a Sakala kuti akatijambulire amayi pa thabwa. A Sakala ndi mkulu wojambula zikwangwani pa boda: mitu ya pamalo ometera, nkhuku za pamalo odyera, mikango ya kumbuyo kwa mathiraki. Amanditcha a Digiri, chifukwa boda yonse ikudziwa kuti ku koleji ndinakhalako chaka ndi theka n'kubwerako ndi sutikesi yokha.

Patatha sabata anandipatsa chithunzi. Chinali chiphaso chija ndendende, kungokula. Ndinachimangirira pakaliyala, ulendo wa ku Mkanda, ndikudzimva kuti ndine mwana wothandiza.

Abambo anachiyang'ana nthawi yochepa.

"Awa ndi mayi a pachiphaso," anatero. "Ndimawadziwa, amakhala m'sutikesi. Ine ndikufuna amayi ako."

Ndinabwerera ndikuganiza kuti a Sakala akandilalatira. Sanatero. Anatsegula chitini cha penti yoyera n'kupaka nkhope yonse ine ndikuona, ntchito ya sabata yathunthu kutha m'mphindi ziwiri.

"Akunena zoona akuluwo," anatero. "Apa ndinakopera. Sindinajambule."

Ulendo wachiwiri anafunsa achibale. Esinati anati masaya akule. Azakhali anati khungu lide pang'ono. Amayi ena a kutchalitchi anati malemuwo ankangomwetulira nthawi zonse, zomwe ine amene ndinaleredwa nawo sindingachitire umboni. Panatuluka mayi wofanana ndi aliyense. Abambo anati, "Ngokongola. Kwawo n'kuti?"

Ulendo wachitatu dzanja la a Sakala linathawira kumene linazolowera, panatuluka mtsikana wa pa chikwangwani cha saluni atavala duku. Wachinayi abambo anachiyang'anitsitsa nthawi yaitali, ine mpaka kuyamba kudziyamikira. Kenaka anati, "Maso ndi awo. Koma akundiyang'ana ngati mlendo."

Apa ndiime kaye, tikambirane inu ndi ine.

Tayendani kuchokera pa boda mpaka pa boma, muyang'ane mitu ya pamalo ometera. Ndi mutu umodzi womwewo. Munthu ameneyu sitikumudziwa, sanametetsepo kuno, koma ali pakhoma lililonse. Wina akatsegula chiwaya cha tchipisi, mwezi usanathe pafika ziwaya zisanu ndi ziwiri, dzina lofanana, mchere wofanana. A Sakala akuti chiyambire ntchito yawo, mawu amene amva kwambiri ndi akuti, "Mundijambulire ngati cha uje." Kodi maso tinawabwereketsa kwa ndani?

Chizolowezi china ndi ichi: kubwereza timakuyesa kulephera. Mmisiri akagumula mzere wa njerwa kuti auwongole, timanong'onezana kuti sadziwa ntchito. Amene wasiya khoma lokhota koma walimaliza tsiku limodzi, ameneyo ndiye katswiri. Pa nkhani imeneyi ndikulankhula monga mwini wake. Ine ndinalakwa mayeso amodzi, anandiuza kuti ndibwereze chaka, ndinalongedza. Mpaka lero anthu akandifunsa ndimati koleji ndi ine tinasiyana maganizo.

Choncho nditabweza thabwa lija kachinayi, ndinapereka uphungu wa m'gawo langa.

"A Sakala, tisiyire pomwepa. Chayandikira ndithu. Abambo maso awonso ndi okalamba."

"A Digiri," anatero osandiyang'ana, akutsuka burashi mu palafini, "zosiyira panjira ndi maphunziro anu amenewo. Ine sindinafike nawo patali."

Ndinafuna kukwiya koma ndinalibe poyambira.

"Kandimverere anakanena za m'maluwa," anapitiriza. "Aliyense wandiuza mmene mayiwa ankaonekera. Palibe wandiuza mmene ankachitira. Tsiku limene munabwerako ku koleji, anakuuzani chiyani?"

Funso limeneli palibe anandifunsapo. Tsiku limenelo ndinakonza mawu ambiri m'minibasi, okhudza aphunzitsi ankhanza ndi kuipa kwa maphunziro a masiku ano. Ndinawapeza amayi pakhonde akusankha nyemba. Iwowa ndi amene anasoka fodya wa eni ake nyengo zitatu kuti ine ndikakhale m'kalasi. Khutu lawo lakumanzere silinkamva, ndiye akafuna kukumvetsera ankapendeketsa mutu, kukupatsa lakumanja, milomo itakokera mbali imodzi, osadziwika ngati akubisa kuseka kapena kulira. Anandiyang'ana ine, anayang'ana sutikesi, n'kunena kuti, "Bulangete langa lija wabwera nalo?"

Basi. Za koleji sanandifunsepo mpaka tsiku limene tinawaika.

Pofotokoza zimenezi, osadziwa, ndinapendeketsa mutu momwemo, mawunso ndinawatulutsa momwemo.

"Imani choncho," anatero a Sakala. "Musasunthe."

Owerenga anga, ndinaima pafupifupi ola lathunthu m'mbali mwa msewu wa pa boda, khosi lili mbali, milomo ili mbali. Osintha ndalama anasiya makasitomala kudzandizungulira. Dalaivala wina wa thiraki anandiuza mwachifundo kuti ku Chipata kuli sing'anga wodziwa makosi. A Sakala sanamve chilichonse. Ankangoyang'ana ine, kuyang'ana thabwa, kufufuta ndi chala, kuyambiranso. Pakamwa pokha anapabwereza katatu. Ine misozi inkatsika, ndipo ndinauza anthu kuti ndi fungo la penti.

Lachiwiri lapitali ndinapalasanso wa ku Mkanda. Thabwa linali litalemera, poti pansi pa nkhope imeneyi pagona nkhope zina zinayi. Ndinapeza abambo pakhonde. Ndinaliyedzamiritsa kukhoma n'kuchotsa chitenje chimene ndinakutira.

Sananene kuti chafanana. Sananene kuti sichinafanane. Anadzuka pang'onopang'ono, anavula chipewa, anakonza kolala ya malaya. Kenaka anasuntha mpando wawo, kuuzungulitsa mpaka mbali ya khutu lakumanja, n'kukhala pafupi.

"ANaphiri," anatero, "mtedza chaka chino wachita bwino ndithu."

Ine ndinapita kuseri kwa nyumba kukaona ngati njinga ili ndi mpweya.

Chithunzi chimenechi mutapita nacho pa boda, sangakudindireni. Sichikufanana ndi chiphaso. Mutu ndi wopendekeka, pakamwa ndi pokhota, ndipo mwini saluni aliyense angachibweze. Palibe angauze mnzake kuti "undijambulire ngati chimenechi," chifukwa chili ndi ntchito kwa munthu mmodzi yekha padziko lapansi, ndipo ntchitoyo chikuigwira. Esinati waimba dzulo kuti abambo ayamba kutsitsa wailesi madzulo, akuti amayi sankakonda phokoso.

Pobwerera ndinkaganiza za amayi anayi aja okwiririka ndi penti yoyera. Palibe adzawaone. Koma a Sakala akanapanda kuwajambula n'kuwafufuta, wachisanuyu akanatulukira pati? Ndipo ndi zinthu zingati m'nyumba zathu, m'minda mwathu, m'mitu mwathu, zimene tinazisiya pa ulendo wachinayi n'kunena kuti zayandikira ndithu? Ine ndikudziwapo chimodzi. Sindikulonjeza kanthu, koma ndafunsako ku koleji ngati makalata a anthu osiyira panjira amawasunga kapena amakulungira zitumbuwa.

Mwina mukufuna kudziwa kuti ntchito yaikulu yotukula luso imeneyi yandidyera zingati. A Sakala analipidwa ndi Esinati. Za maulendo obwereza anakana kulandirapo kanthu, akuti munthu salipiritsa pophunzira. Njinga ndi ya alamu anga.

Ine ndinagula msomali wopachikira. Pokhoma koyamba unapindika, ndipo dzanja langa linali litayamba kale kuutaya kutchire. Ndinauwongola pamwala n'kukhomanso.

Msomali umodzi, K200.