Mbalame za M'dimba la Amayi

M'mawa uno ndathirira mpiru umene mkazi wanga anabzala asanamwalire. Fungo la dothi lonyowa landikumbutsa dimba lina, chaka chimene amayi anagonekedwa kuchipatala cha mishoni.

Inali nyengo yachisanu, fodya atatha m'zigafa. Anafe sankatilola kulowa m'wodi. Abambo ankangobwera ndi funso la amayi: kodi mbalame zawo zija, zakuda ndi mawanga oyera, zogwedeza mchira, zikubwerabe? Zimakonda ponyowa, choncho ndinkathirira dimba tsiku lililonse. Gaga zinkamukana, koma zinkadya chiswe chimene ndinkagogoda pansanamira za chigafa. Ndinkafuna amayi azione okha.

Tsiku lina kusukulu kunabwera wojambula zithunzi wapanjinga, kudzajambula ana oyeserera perete wa chipani. Abambo atavomera kuti adzajambule mbalame zija, ndinamukokera kudimba.

"Iwe mphwanga, filimu yatsala ya chithunzi chimodzi," anatero. "Mbalame imaima ngati munthu?"

"Iima, achimwene. Inu ingokhalani chete."

Ndinakhala pansi pafupi ndi bedi la ndiwo, n'kuthira chiswe paphazi langa. Chinayamba kuluma pakati pa zala, kenako chinakwera mwendo. Kabudula ananyowa ndi matope ozizira. Patapita nthawi mbalame imodzi inatera chapatali, n'kuthamanga pang'ono, n'kuima, mchira ukugwedera.

"Ukutuluka misozi," ananong'ona mkulu uja. "Sasa zimenezo."

Sindinasase. Mbalame ija inasendera, inafika pachala changa chachikulu, n'kujompha.

"Jambulani," ndinatero, nditaluma mano.