Zikwangwani za a Wahab

A Wahab a ku Mpingwe anakalambira pa ntchito yolemba zikwangwani za masitolo ku Limbe. Masiku amenewo, munthu akamatsegula sitolo ankayamba wafunafuna iwowo, poti chikwangwani chowala ndicho chinkakoka anthu otsika minibasi. Maso atayamba kuchita chidima, anaisiya ntchitoyo.

Mwana wawo Shamila nayenso amakokera anthu kumasitolo, koma pa intaneti. Amasankha mawu oti tsamba la sitolo lizibwera pamwamba munthu akafufuza pafoni.

Tsiku lina anawaonetsa tsamba la telala wina litakhala poyambirira penipeni.

"Ababa, mwaona? Ntchito yanu ija ndi imeneyi."

A Wahab anaiyandikitsa foniyo kumaso n'kumwetulira.

"Wakhoza, mwanangu. Komatu ine ndinkaweruka malaya onse ali penti, ndipo mayi ako ankandimvera fungo ndisanalowe m'nyumba."