Kabowo ka pa Chitsekerero cha Thanki

Sukulu ndinalekezera sitandade sikisi, ndipo sindinachite kutsanzika. Mphunzitsi wina anandikwapula pa mlandu wa mnzanga, ine ndinamulanda ndodoyo n'kuithyola pamaso pa kalasi yonse. Kuyambira tsiku limenelo ndinangokhala pakhomo, mpaka malume anga, amene anali mlonda pa sitolo ina pa Chitakale, anatopa nane. Anakandipemphera ntchito kwa mwini sitoloyo. Bwanayo anali ndi vani yakale ya dizilo imene inkagawa buledi, sopo ndi mchere m'magolosale a kumidzi, ndipo woyendetsa wake ankafuna munthu womuthandiza.

Woyendetsayo anali a Muhiwa, bambo wachikulire wochepa thupi, amene anabwera ali mwana kuchokera kutsidya, ku Mozambiki. Ndiwo anali dalaivala, ndiwonso makaniko. Tsiku loyamba anandiyang'ana manja, osati nkhope. Anati amva kuti ndimathyola ndodo, koma pano ndisathyole kanthu, chifukwa chilichonse cha pavaniyi chikathyoka sipeyala yake kulibe.

Vaniyo inali yotopa kuposa ife tonse. Geji ya mafuta inafa kalekale, moti dizilo tinkamuyeza ndi kamtengo. M'mawa uliwonse ndinkayamba ndi kuona oilo, kuthira madzi mu radiyeta, kukanikiza fanibeluti ndi chala kuti ndione ngati yakhwefuka, ndi kupukuta mitu ya batire. A Muhiwa ankailankhula injini m'Chilomwe ikavuta, koma ine ankandiphunzitsa m'Chichewa. Anayamba ndi utsi. Ukakhala wakuda, injini ikubanika, katsuke sefa ya mpweya. Wabuluu, ikudya oilo, palibe chochita koma kuwonjezera. Woyera, mwina mafuta sakupsa bwino, mwina muli madzi. Anandiphunzitsanso kutulutsa mpweya m'mapaipi a dizilo. Umamasula kabauti ka pamwamba pa fyuluta n'kumapopa kapampu ka pamanja mpaka thovu litatha. Kenaka umamasula manati a pa mainjekita olowetsa dizilo mu injini, mnzako akuliza injini, ndipo dizilo akayamba kutuluka wopanda thovu umamanga msanga. Ntchito imeneyi ndinaigwira kambirimbiri, moti manja anga ankanunkha dizilo ngakhale Lamulungu kutchalitchi.

Chimene chinkanditopetsa kwambiri chinali madzi. Aliyense wa kuno akuidziwa mvula ya ku Mulanje, imatha kugwa sabata yathunthu osapuma. Madzi ankapezeka m'dizilo, ndiye m'mawa uliwonse ndinkagona chagada m'matope kumasula kambale kosefera madzi kamene kanali kunsi kwa galimoto. Tsiku lina ntchitoyi ndinaidumpha dala. Vani inakatsokomola panjira, a Muhiwa n'kundikalipira pamaso pa atsikana a pagolosale. Ananditcha "katswiri wa sitandade sikisi", atsikanawo n'kuseka. Masiku awiri sindinawalankhule, kupatula eya ndi ayi.

M'masiku omwewo ndinaganiza zowaonetsa kuti mutu ndili nawo. Ndinatenga chitsekerero cha thanki ya dizilo n'kuona kuti mphira wake wadyeka, ndipo pakati pake pali kabowo kakang'ono ngati kobaya ndi singano. Ndinati basi, njira ya madzi ndi imeneyi. Ndinadula chubu chakale cha njinga n'kupanga mphira watsopano. Kabowoko ndinakatseka ndi kamtengo ka machesi, pamwamba n'kumatapo phula la mumsewu. Sindinauze munthu. Ndinkafuna kuti pakatha sabata madzi asakuoneka, a Muhiwa achite kundifunsa okha.

Mawa lake kunabwera uthenga wakuti vani isanyamule buledi. A tcheyamani a chipani a ku Milonde aipempha kuti ikatenge amayi ovina kupita nawo ku boma, kumene kunkabwera akuluakulu. Kupempha kwake mukukudziwa, palibe mwini galimoto amene amayankha kuti ayi.

Popita tinayenda bwino, thanki ili theka. Titafika ku Milonde ndinathira dizilo wa m'zigubu ziwiri zimene bwana anatipatsa, thanki n'kudzaza mpaka pakamwa. Potsegula chitsekerero ndinamva kaphokoso kakuti fyuu, koma sindinasamale, ndipo potseka ndinamanga zolimba. Amayi anapanikizana kumbuyo ndi ng'oma zawo, atavala nsalu zachipani, a tcheyamani n'kukhala kutsogolo.

Tisanapite patali, pa chitunda choyamba, injini inayamba kufooka, kenaka zii. A Muhiwa anati ndi mpweya. Tinapopa, thovu linatuluka, patapita kanthawi inalira. Tinayenda mwina mailosi awiri, inazimanso. Apa tinamasula fyuluta n'kuitsuka, ine ndinauzira paipi yochokera kuthanki ndi pakamwa mpaka dizilo anandilowa kukhosi. Mvula inali ikuwaza. Amayi anasiya kuimba, wina n'kufunsa ngati tifika lero kapena angotsika avinire mbuzi za m'mbali mwa msewu.

A tcheyamani sanaseke. Anatsika n'kuima pafupi ndi boneti, akuyang'ana wotchi.

"A Muhiwa, galimoto iyi ikanyamula buledi imayenda. Lero yanyamula amayi a chipani, yadwala. Tikanene kuti chiyani kumeneko? Kapena kwanu kutsidya ndi mmene mumachitira?"

Mawu ngati amenewo si ocheza. Munthu akakunenera kuti wachita dala, umboni sufunikanso, ndipo a Muhiwa analibe wachibale wowalankhulira. Ine mtima unandinyamuka, ndinafinya sipanala m'manja, pakamwa nditatsegula kale. A Muhiwa anandiponda phazi mwamphamvu, maso ali pa injini. Anawayankha a tcheyamani mofatsa kuti galimoto ndi yokalamba, apirire pang'ono. Kenaka anandinong'oneza.

"Iwe, pali chimene wagwira pagalimotoyi ine osadziwa?"

Ndinati palibe. Sindinganene kuti ndinadziwa kuti vuto ndi limenelo, chifukwa m'mutu mwanga chitsekerero ndi injini zinali zotalikirana. Koma sindinganenenso kuti ndinaiwala. Ndinakumbukira ndithu. Kungoti mkwiyo wa masiku awiri aja unali usanathe, ndipo sindinafune kuti andisekenso pamaso pa akazi.

Inazima kachitatu pakati pa minda ya tiyi, phiri litaphimbika ndi nkhungu. Zala zanga zinali zitachita dzanzi, msana ukuwawa. A Muhiwa sanagwirenso sipanala. Anatenga kamtengo koyezera kaja, akuti mwina thanki yabooka, dizilo watayika. Chitsekerero chinawavuta kumasula. Chitamasuka, thanki inakoka mpweya kuti fyuuu, chitsulo chake n'kulira ngati chitini chophwanyika chikamawongoka. Anachitembenuza chitsekererocho, anakanda phula lija ndi chikhadabo. Anandiyang'ana kamodzi kokha. Kenaka anachiponya m'thumba la ovolosi, pakamwa pa thanki n'kutsekapo ndi kansanza.

Tinapopa komaliza, vani inalira, ndipo sinazimenso. Kabowo kaja sikanali kolowera madzi. Thanki imapumira pamenepo. Dizilo akamachoka, mpweya uyenera kulowa m'malo mwake. Ukatseka, pampu imakoka mpaka kulephera, ndipo thanki ikakhala yodzaza imabanika msanga. Zimenezi ndinazimvetsa nditakhala kumbuyo, pakati pa amayi okwiya, madzi akuchucha m'malaya.

Tinafika ku boma magule atayamba kale, malo a amayi a ku Milonde atapatsidwa gulu lina. A Muhiwa anaitanidwa ku ofesi ya chipani, anakhalako mpaka mawa lake masana. Zimene anawafunsa sanandiuze, ndipo ine sindinafunse. Chimene ndikudziwa n'chakuti dzina langa silinatchulidwe, chifukwa palibe anabwera kudzanditenga. Patapita masiku atatu bwana anawauza kuti walangizidwa kupeza dalaivala wina, ndipo iye sakufuna mavuto pa sitolo yake.

Ndinapita kwa a Muhiwa ndipo ndinawapeza akumanga katundu. Ndinawauza kuti ndipita kwa a tcheyamani ndikanene zoona, ndipo akandiyankha mwachipongwe aona. Anaseka pang'ono, motopa.

"N'chifukwa chaketu sindinakutchule. Iwe ukanalowa muofesi muja ndi pakamwa pakopo, sukanatulukamo. Ine kukhala chete ndinazolowera."

Anatulutsa chitsekerero chija n'kundipatsa, pamodzi ndi singano ya akazi awo, kuti ndiboole ndekha iwo akuona. Anati injini ikadwala mwadzidzidzi ndisamathamangire sipanala. Ndiziyamba ndafunsa kuti waigwira komaliza ndani, ndipo wagwira pati.

Iwo anapita kukayendetsa chigayo cha dizilo kufupi ndi malire. Ine ndinakhalabe ndi vaniyo zaka zina ziwiri, pansi pa madalaivala osadziwa ngakhale pothira oilo, ndikugonabe m'matope m'mawa uliwonse. Madzi aja ndinadzapeza kuti ankachokera m'mgolo wa dizilo umene bwana ankauimika panja, mvula n'kumadikha pamwamba pake. Tinangougoneka cham'mbali, vuto n'kutha.

Tsopano ndili pa galaja ina. Munthu akabwera ndi galimoto yongozimazima, ndimamufunsa funso la a Muhiwa ndisanatsegule boneti. Ambiri amati palibe chimene agwira. Mtima umandinyamukabe, sipanala ndimaifinyabe. Kenaka ndimakumbukira amene anayankha choncho pamsewu wa ku Milonde, ndiye ndimaika sipanala pansi n'kumufunsanso kachiwiri, mofatsa, anthu ena asakumva.