Kachitsulo Kotentha M'kompyuta ya Mpingo

Ndiyambe ndi kuyamika Mulungu wanga, amene anandipatsa manja awiri ndi mtima wofuna kudziwa, ndipo sanalole kuti ndichite manyazi pamaso pa abale.

Atatichotsa ntchito kufakitale, ndinayamba kukonza mawailesi pakhonde panga ku Kalingalinga. Zaka zimenezo katundu wakale wochokera kunja anali atadzaza m'tauni, ndipo mpingo wathu unalandira kompyuta. Akulu a mpingo anaipereka m'manja mwanga. "Mulembe nyimbo zonse za Pasaka," anatero, "koma muisamale. Ina tilibe."

Kuchedwa kwake! Tsamba limodzi lisanatseguke, mkazi wanga ankapita kumpopi n'kubwerako. Mnzanga wina wa ku Matero anandiuza kuti mkati muli timapulagi ting'onoting'ono. Ukatisuntha, purosesa, ubongo wa makinawo, imathamanga kuposa mmene anaipangira.

Ndinasuntha. Abale anga, inathamanga! Ndinalumpha pampando, ndikuimba, ndikuitana mkazi wanga kuti adzaone. Asanalowe n'komwe, makina anauma gwa.

Apa ndinaganiza ngati wokonza mawailesi: wailesi ikafooka, umaipatsa mabatire atsopano. Ndinasunthanso kapulagi kena, n'kukweza mphamvu ya magetsi opita ku purosesa mpaka pamapeto. Inadzuka, inauluka, ndinalemba nyimbo zinayi mtima ukudumpha. Kenaka ndinamva fungo.

Ndinazimitsa msanga. Purosesa inali yotentha, koma osati kwambiri. Pambali pake panali kachitsulo kamiyendo itatu. Nditakakhudza ndinakuwa, chala chinatuluka thuza. Kameneko ndi kamene kamalandira magetsi, kuwachepetsa, n'kumagawira purosesa mlingo wake wosasinthasintha. Ine ndinathamangitsa bwana, n'kuiwala wantchito womunyamulira katundu.

Aneba anga, Msilamu wowotcherera zitsulo, anasuzumira pakhomo.

"Ba neba, mukazinga mazira mu kompyuta?"

"Osaseka imwe! Ikapsa iyi, nizabisala kuti pa Sondo?"

"Muzabwera ku mzikiti, malo aliko," anatero akuseka. Anayang'ana kachitsuloko nthawi yaitali. "Aka kafuna chabe mphepo. Lindani."

Anabwerako ndi chivundikiro cha poto wakale. Anachidula, n'kuchicheka mano ngati chipeso, ndipo tinachimangirira pakachitsuloko ndi bawuti kuti chizikoka kutentha. Ine ndinabweza magetsi pang'ono, ndinawasiya pakatikati. Ndinapemphera mumtima, n'kuyatsa.

Tinadikira. Ndinalemba nyimbo imodzi, ziwiri, zisanu. Ndinaika chala china, chija chosapsa, pakachitsulo kaja. Kofunda chabe! Tinakuwa tonse awiri mpaka nkhuku zinabalalika pabwalo. Aneba analonjezanso kuti sadzawotcherera pamene ndikulemba, poti makina awo akalira magetsi a nyumba za mzere wathu wonse ankafooka.

Lachinayi masana nyimbo zonse zinatha. Pa Pasaka mpingo unaimba mapepala ali m'manja, ine thuza lili pachala, misozi ili m'maso. Kompyuta ndinaibweza yamoyo, ndipo ndinaulula zonse kwa akulu.

Mwana wanga wamkazi amandiuza kuti m'makina ena a lero kogawa magetsi kaja anakalowetsa m'kati mwa purosesa momwemo, kuti kazimva njala yake msanga. Ndimangogwedeza mutu ndi chimwemwe.

Inu owerenga, Ambuye akugawireni mphamvu yokwanira ntchito ya lero, akuziziritseni pamene mwatenthedwa, ndipo akupatseni mnansi wabwino pakhomo panu. Amen.