Mwana amene sanamulembetse mayeso

Ine ndine telala, ndipo telala sakhulupirira munthu akamutchulira saizi yake. Amatenga tepi n'kuyeza yekha. Ndakhala pakhonde la sitolo ina ku Kapata zaka zambiri ndikusoka mayunifomu, ndipo ndaona azimayi akulumbira kuti chiuno chawo sichinasinthe chikwatiwire, pamene tepi ikunena zina. Koma pa nkhani ya sukulu ya mwana wa akulu anga, ine yemwe ndinakhulupirira zolembedwa pakhoma osayeza, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Sukuluyo ndi yaboma, ili chakumapeto kwa tauni mukamalowera ku Nabvutika. Pafupi ndi geti anapenta khoma loyera, ndipo chaka chilichonse zotsatira za giredi naini zikatuluka ankalembapo mizere itatu: mmene yakhozera sukulu yawo, mmene chakhozera chigawo chonse cha kummawa, ndi mmene lakhozera dziko lonse. Mzere wa sukulu unkakhala pamwamba nthawi zonse. Makolo tinkaima pamenepo n'kumagwedeza mitu, ngakhale ena amene kuwerenga kunkawavuta. Ine ndinkapitirira apo. Aliyense wobwera kudzasoketsa ndinkamuuza za khomalo ngati kuti ndinalipenta ndine.

N'chifukwa chake ndinakakamiza akulu anga kuti andipatse mwana wawo wamkazi. Iwo amalima mtedza ndi thonje kumudzi ku Kasenengwa, ndipo mtsikanayo ndiye anali dzanja lawo lamanja kumunda. Sanafune kumutaya. Ndinawauza kuti sukulu ya kumudzi imangotha ana nthawi, ambiri amalemba koma opita giredi teni ndi ochepa, pamene ya kwathu imaposa chigawo chonse. Anavomera monyinyirika. Mwanayo anabwera, anaphunzira giredi eyiti, n'kulowa giredi naini. Anali wofatsa, wosachedwa kuchita manyazi, ndipo Chingerezi chinkamuvuta, koma masamu ankayesetsa.

Chinthu choyamba chimene chinandidabwitsa chinachokera pa makina anga omwe. Nyengo yozizira ya chaka chimenecho, azimayi angapo anabweretsa masiketi a ana awo a giredi naini kuti ndiwachepetse, avale ang'ono awo. Ena mwa masiketiwo ndinali nditawasoka ndekha miyezi yochepa yapitayo. Ndikafunsa ngati mwana wasiya sukulu, ankayankha moyang'ana kumbali kuti ayi, adzalemba chaka chamawa. Ndinangoti ndi ana aulesi, amayi awo akubisa manyazi. Ndinachepetsa masiketiwo n'kuiwala.

Teremu yomaliza itayamba, mwana wa aneba athu, yemwenso anali giredi naini pa sukulu yomweyo, ankangoimba nambala yake ya mayeso pabwalo kuti ailoweze. Ndinafunsa wathu kuti yake ndi iti. Anati sanawapatse. Patapita sabata ndinafunsanso, anati aphunzitsi awo akudwala. Ndinatsegula makope ake iye atapita kukatunga madzi, ndinapeza kuti masamba omaliza kulembedwa ndi akalekale. Komatu m'mawa uliwonse ankasita yunifomu, kupukuta nsapato, n'kunyamuka nthawi yake.

Apa maganizo anga anathamangira kumene amathamangira maganizo a mayi aliyense wosunga mtsikana wa eni ake m'tauni. Ndinati pali mwamuna. Ndinayamba kuwayang'ana ndi diso loipa anyamata onyamula anthu pa njinga amene amaima pafupi ndi msewu wathu. Ndinasecha chikwama chake kufuna foni yobisa, sindinapeze. Ndinkamvetsera m'mawa ngati akusanza. Tsiku lina ndinamunamiza kuti siketi yake yakhwepa, ndinamuzunguliza tepi m'chiuno, ndipo iye anangoima manja ali m'mwamba, akuyang'ana denga. Ndikuganiza kuti anadziwa chimene ndinkayeza. Chiuno chinali chomwecho, mwinanso chinali chitachepa. M'malo moti mtima ukhale pansi ndinapsa mtima kwambiri, ndinamukalipira kuti akandichititsa manyazi kwa amayi ake ndidzamukweza basi ndi zovala zomwe wavalazo.

Mawa lake ndinavindikira makina ndi chitenje, ndinamutsatira chapatali. Ndinkayembekeza kuti akhotera kwina, koma analowa pa geti ya sukulu bwinobwino. Chokhacho, anzake atalowa m'kalasi, iye anazungulira kuseri, kumene kuli chipinda chakale chosungiramo madesiki othyoka. Ndinasuzumira pa mpanda. M'menemo munali ana ena, atsikana ndi anyamata, atakhala phee, opanda mphunzitsi. Ena ankagona pa madesiki, wina ankaluka mnzake tsitsi. Wathu anatsegula kope lake lakale lija n'kuyamba kuwerenga.

Mayi wina wogulitsa zitumbuwa pampandapo anandiona ndili kakasi, anandifunsa ngati ndili ndi mwana mmenemo. Anati amenewo amawatcha a chaka chamawa. Chaka chilichonse, mayina asanatumizidwe kwa oyendetsa mayeso, aphunzitsi amapatula amene akuwakayikira. Ena amasiya okha, ena amabwerabe chifukwa kunyumba sananene. Ananena zimenezi akutembenuza zitumbuwa, ngati nkhani yodziwika kwa aliyense kupatula ine.

Ndinalowa mu ofesi osagogoda. Ahedi kunalibe, ndinapeza achiwiri awo, bambo aulemu wambiri, olankhula pang'onopang'ono, mtundu wa anthu amene akamakupatsa mpando umadziwiratu kuti sakuthandiza. Anandifotokozera kuti sukulu imafunira ana zabwino, kuti mwana akalemba asanakonzeke amakhumudwa, ndiye amamulangiza kudikira. Anati makalata anapita kwa makolo onse teremu yoyamba. Ndinawauza kuti ine sindinaone kalata iliyonse, ndipo mumtima ndinati akunama. Ndinapempha kuti amulembetse tsiku lomwelo. Anapukusa mutu, anati kulembetsa kunatsekedwa kalekale, ngakhale ahedi sangachitepo kanthu.

"Nanga zija munalemba pakhoma zija," ndinafunsa, "ana a kuseriwa mumawawerengera?"

"Timawerengera amene alemba mayeso, mayi."

"Ndiye sukulu za kumudzi zimene mumati mwaziposa, nazonso zimayamba zachotsa ofooka?"

Anati za sukulu zina iwo sangayankhire. Anayamba kusanja mapepala patebulo, ndipo ndinadziwa kuti nkhani yatha. Ndinawauza mawu ena amene mkazi wopita ku Misa sayenera kunena mu ofesi ya anthu. Sindikuwabweza.

Ndinakamutenga mwanayo kuchipinda kuja, tinauyamba wa kunyumba. Njira yonse ndinkalalata za aphunzitsi abodza amene amati atumiza makalata asanatumize. Titafika pa mlatho waung'ono wa pafupi ndi kwathu, anaima. Anavula nsapato imodzi, anatulutsa pepala lopindidwa kangapo, lofewa ndi thukuta, n'kundipatsa ndi manja awiri. Inali kalata ija. Chikwama ndinasecha, matiresi ndinatembenuza, koma nsapato sindinaziganizire.

Ndinamufunsa chifukwa chake anandibisira miyezi yonseyo, pamene mwina ndikanapita nthawi idakalipo n'kukachita phokoso mpaka amulembetse.

"Amayi, mumauza aliyense wobwera pa makina kuti sukulu yathu imaposa chigawo chonse. Ndikanayamba bwanji kukuuzani kuti imaposa chifukwa ine sindilemba?"

Ndinamva manyazi amene sindinawamvepo chibadwire, ndipo mkwiyo wonse umene ndinatuluka nawo mu ofesi unanditembenukira ndekha. Mwana uyu ndinamuyesa wachiwerewere, ndinamuyeza mimba ngati mbuzi ya pamsika, pamene iye ankadzuka m'mawa uliwonse kukakhala m'chipinda cha madesiki othyoka kuti ine ndisakhumudwe.

Nkhani yotere sinenedwa pa foni. Loweruka tinakwera galimoto tonse awiri kupita ku Kasenengwa. Kunali kotentha, mvula isanagwe, ndipo akulu anga tinawapeza kumunda akukonza mizere. Atationa anaika khasu pansi, nkhope itasintha, poganiza kuti kwagwa maliro. Tinakhala pamthunzi, ndinawafotokozera zonse, osasiya ngakhale za tepi. Ndinawauza kuti chaka chatayika, ndipo sindikudziwa ngati chaka chamawa sadzamupatulanso. Ndinapepesa.

Ndinkayembekeza kuti andikalipira, ndipo ndikanakonda akanatero. Iwo anangomukokera mwana wawo pafupi, n'kumamuchotsa kaudzu kamene kanamatirira pa siketi. Kenaka analoza ndi mlomo kutsidya kwa dambo, kumene kumaoneka malata a sukulu ya m'mudzimo, yomwe ine ndinainyoza ija.

"Anzake onse amene anayamba nawo alemba sabata yamawa," anatero. "Mwina wangayu akanalephera, mng'ono wanga. Koma kuno akanalemba."